Magemu a pakanema ku Moatize ndi Zóbuè: kholo lidziwe kusiyanitsa

Wolemba mtolankhani wathu ku Tete

MOATIZE — Dzuwa likapendeka, ana ataweruka ku sukulu, pali malo ena m'mabairo a Moatize amene munthu amawapeza ndi khutu, osafunsa njira. Ndi kabaraka ka malata, khomo lotchinga ndi nsalu, ndipo m'katimo mukumveka likhweru la mpira, kulira kwa mfuti ndi kukuwa kwa anyamata. Mukasuzumira mupeza kanema mmodzi kapena awiri, makina a PlayStation okutidwa ndi fumbi la malasha, ndi benchi lodzaza ana. Awiri okha ndiwo agwira makomando. Ena onsewo ndi oonerera, aliyense kakobiri kake m'manja, kudikira nthawi yake.

Zoterezi si zachilendonso pa Zóbuè, makilomita pafupifupi 100 kuchokera kuno potsata msewu wa EN7, pachipata cholowera ku Mwanza m'dziko la Malawi. Kumeneko malole akandandalika kudikira mapepala, anyamata osintha makwacha ndi meticais, ogulitsa mbatata ya kachewere ndi onyamula katundu amadikira nawo, foni ili m'manja. Ku Moatize amati jogo, pa Zóbuè ambiri amati gemu monga anzawo a kutsidya, koma chinthu chake n'chimodzi.

Makolo ambiri amangoti zonsezi n'zotayitsa nthawi. Ena amakwapula mwana akamupeza m'baraka, ena amangomupatsa ndalama kuti asasokose pakhomo. Onsewa asiya chinthu chimodzi: sanakhalepo pansi n'kuona chimene mwanayo akusewera. Magemu sali ofanana. Alipo onola nzeru, alipo okakamiza mwana kuwerenga, ndipo alipo amene mwana wa zaka 9 sayenera kuwaona n'komwe. Lero tiona mitundu itatu: opukusa mutu, oopsa ndi a nthano.

Mpira ndiwo mfumu m'baraka

Tiyambe tafunsa: bwanji m'baraka mumamveka mpira ndi nkhonya zokhazokha? Yankho lili m'thumba la mwini baraka. Iye amagula magetsi a Credelec, ndipo amalipiritsa pa mpira uliwonse kapena pa mphindi zowerengeka. Mpira wa Pro Evolution Soccer kapena wa FIFA umatha m'mphindi khumi, wogonja n'kupereka komando kwa wina. Nkhonya za Tekken ndi Mortal Kombat zimatha msanga kuposa apo. Ndalama imayenda. Koma gemu yofuna munthu mmodzi kwa maola ambiri imatsekereza benchi lonse, ndipo mwini baraka sangaikonde. Choncho mwana amene amasewera m'baraka mokha amadziwa mbali imodzi basi.

Mbali inayo inafika kale, kudzera m'matumba. Nkhondo itatha ndi pangano la ku Roma la pa 4 Okutobala 1992, anthu othawa nkhondo anabwerera kuchokera ku Malawi, ambiri kudzera pa Zóbuè pomwepa. Misika inatseguka, ndipo pakati pa mawailesi ndi mawotchi panafikanso timakina ta m'manja totchedwa Brick Game, toyendera mabatire. Kenaka kunadza kanjoka ka m'mafoni a Nokia. Mgodi waukulu wa Moatize utayamba kutulutsa malasha mu 2011, ndalama zinachuluka m'manja mwa ena, ndipo makanema anafalikira m'mabairo. Movitel itayamba ntchito mu 2012, foni inafika ndi kumidzi komwe. Lero magemu ambiri ali m'thumba la mwana, kumene kholo siliona.

Opukusa mutu

Amene anagwirapo Brick Game anasewera Tetris osadziwa dzina lake. Anaipanga ndi Alexey Pajitnov, katswiri wa makompyuta wa ku Moscow, pakati pa zaka za m'ma 1980. Njerwa za mitundu 7, iliyonse ya timabokosi tinayi, zimagwa kuchokera pamwamba. Wosewera azitembenuze n'kuziyala kuti mzere udzaze wopanda mpata. Mzere ukadzaza umachoka. Akasiya mipata khoma limakwera mpaka gemu kutha. Mulibe Chingelezi, mulibe Chipwitikizi, mulibe magazi. Mmisiri aliyense womanga nyumba angaimvetse m'mphindi imodzi. Koma kuimvetsa n'kwina, kuigonjetsa n'kwina. Mu Disembala 2023 mnyamata wa zaka 13 wa ku Oklahoma, ku America, ndiye anakhala munthu woyamba kusewera Tetris ya makina a Nintendo mpaka makinawo anasokonezeka n'kuima, patatha zaka 34 chitulukire gemuyo.

Gemu yabwino ya mtundu umenewu ili ngati bawo. Malamulo ndi ochepa, ukagonja umadziwa pamene walakwitsa, ndipo mawa umasewera bwino kuposa lero. Yokayikitsa ndi imene imakuimitsa panjira kuti utulutse ndalama. Candy Crush Saga ya 2012, imene amayi ena amasewera podikira ogula pamsika, njokoma ndithu, koma imapatsa munthu miyoyo isanu yokha. Ikatha, adikire theka la ola pa moyo uliwonse, apo ayi alipire. Magemu ena otchedwa aulere amadzaza zotsatsa malonda, ndipo mamega amatha mwana asanadziwe.

Pano tichenjezenso. Kandege ka Aviator, kamene achinyamata amaponyako ndalama za M-Pesa ndi e-Mola, si gemu yopukusa mutu ayi. Ndi juga. Palibe luso limene lingauze munthu nthawi imene kandegeko kathawe, ndipo amene akugulitsa "chinsinsi" chake akugulitsa mphepo.

Oopsa

Mtundu wachiwiri ndiwo umadetsa nkhawa makolo, ndipo pali chifukwa. Mu 1996 kampani ya Capcom ya ku Japan inatulutsa Resident Evil. Apolisi apadera atsekeredwa m'chinyumba cha m'nkhalango chodzaza akufa oyenda, amene kwathu tingati ndondocha. Zipolopolo ndi zochepa, mankhwala ndi ochepa, ndipo kuti usunge pamene wafika uyenera kupeza makina otayipira ndi inki yake, imenenso njowerengeka. Mantha ake sachokera ku magazi kwenikweni koma ku kusowa: chipolopolo chatsala chimodzi, ndipo kuseri kwa chitseko chotsatira sukudziwa kuli chiyani. Wosewera amaphunzira kuwerengera, ngati mayi amene ufa wamuthera mwezi usanathe.

Mu 1999 Konami inatulutsa Silent Hill. Bambo wina akufunafuna mwana wake wamkazi m'tauni yokutidwa ndi chifunga, chonga cha m'mawa pa Zóbuè m'nyengo yozizira. Chifungacho anachiika chifukwa makina a nthawi imeneyo sankatha kujambula zinthu zakutali, koma chinasanduka mphamvu ya gemuyo. Bamboyo ali ndi kawailesi ka m'thumba. Kakakhala chete, kuli bata. Kakayamba kusokosa, chilombo chayandikira, koma sukuchiona. Ife amene tinaphunzira ntchito pa wailesi tikudziwa kuti khutu limaopa kuposa diso. Agogo athu ankadziwanso zimenezi: nthano ikafika poopsa ankatsitsa mawu, sankakuwa.

Apa ndiye pali muyeso. Gemu yoopsa yopangidwa mwaluso imakuopseza ndi bata ndiponso ndi chimene sunachione. Yopanda luso imangothira magazi pagalasi mpaka munthu kuzolowera. Muyeso wina ndi wakuti: kodi chilombocho chavala nkhope ya yani? Resident Evil 5 ya 2009 inaika nkhani yake m'dera lopeka la mu Africa lotchedwa Kijuju. Chithunzi china cha gemuyo chitaonetsedwa mu 2007, msilikali wachizungu akuwombera khamu la anthu akuda ogwidwa ndi matenda, anthu ambiri kunja anadandaula. Mwana wathu akamasewera zoterozo, wina amufunse chimene akuona.

Tisaiwalenso kuti m'boma lino muli akuluakulu amene anamva mfuti yeniyeni, anagona kuthengo, anawoloka malire usiku mwana ali kumsana. Kwa iwo phokoso lotuluka m'baraka si masewera. Mwini baraka akatsitsako mawu, wachita ulemu.

A nthano

Mtundu wachitatu ndi umene wosewera amavala munthu wa m'nthano, n'kuyenda naye kuyambira ali wofooka mpaka atakhwima. Amacheza ndi anthu, amagula zida, amasankha anzake a paulendo. Wotchuka kwambiri ndi Final Fantasy VII ya 1997, ya kampani ya Square, imene inabwera pa zimbale zitatu ndipo imafuna maola pafupifupi 40 kuti munthu aimalize. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Gemu iyi sifuna wopupuluma.

Nkhani yake ingadabwitse munthu wa ku Moatize. Kampani ina yaikulu yotchedwa Shinra ikupopa mphamvu ya pansi pa nthaka n'kumagulitsa ngati magetsi. Olemera akhala pamwamba pa mzinda, osauka pansi pake pamene dzuwa silifika. Mmodzi wa anthu a m'nthanoyo, Barret, kwawo ndi ku Corel, mudzi wa migodi ya malasha. Iye ndiye analimbikitsa anzake kuti alandire kampaniyo poyembekeza moyo wabwino, pamene mnzake wapamtima ankakana. Mudziwo unadzapsa, ndipo otsala anamutembenukira Barret. Izi ndi zopeka za ku Japan, ndipo kwathu sikunapse mudzi. Koma mnyamata amene makolo ake ali m'gulu la mabanja oposa 1,300 amene anasamutsidwira ku Cateme ndi ku bairo la 25 de Setembro pakati pa 2009 ndi 2011, kuti mgodi upeze malo, sangafune womumasulira funso la Barret: tinapindula chiyani, tinataya chiyani? Gemu ya nthano yabwino ndi imene imasiya funso lotero m'mutu makina atazimitsidwa. Yoipa ndi imene imangokumenyetsa zilombo zomwezomwezo maola ambiri popanda nkhani yopita patsogolo.

Magemu amenewa ali ndi zipsinjo ziwiri kwathu kuno. Choyamba ndi kusunga. Wopanda kakhadi kosungira pamene wafika, magetsi akathima amayambiranso pachiyambi. Chachiwiri ndi chilankhulo. Final Fantasy VII inatuluka m'Chijapani, Chingelezi, Chifalansa, Chijeremani ndi Chisipanishi, koma osati m'Chipwitikizi. Apa mwana wa pa Zóbuè amene anaphunzirako ku Mwanza, kapena amamvera wailesi za ku Malawi, amaposa mnzake wa ku Moatize. Magemu atsopano ambiri ali ndi Chipwitikizi, ngakhale kawirikawiri chimakhala cha ku Brazil. Mulimonsemo, mwana amene sakonda kutsegula buku amawerenga mizere mazanamazana chifukwa akufuna kudziwa kolowera. Mphunzitsi asanyoze zimenezo.

M'Chinyanja kapena m'Chinyungwe simunamveke gemu yaikulu yotere, koma Africa yayambapo. Ku Yaoundé, m'dziko la Cameroon, gulu la Kiro'o Games linatulutsa gemu ya nthano ya Aurion mu 2016. Ku Johannesburg, gulu la Nyamakop linatulutsa gemu yopukusa mutu ya Semblance mu 2018. Nthano za Kalulu ndi Fisi zikudikira mwana wa m'mabenchi omwewa.

Yang'anani nambala

Nanga kholo losadziwa Chingelezi lingadziwe bwanji gemu yoyenera? Kuyambira 2003 mayiko a ku Ulaya amalemba nambala ya zaka pachikuto, pansi pa dzina lakuti PEGI: 3, 7, 12, 16 kapena 18. Ya 3 ndi 7 njobiriwira, ya 18 njofiira. Kuseri kuli tizithunzi: kangaude kutanthauza zoopsa, chibakera kutanthauza ndewu, madayisi kutanthauza juga. Zimbale za ku America zimakhala ndi zilembo: E ndi ya aliyense, T ndi ya achinyamata, M ndi ya zaka 17 kupita m'tsogolo. Resident Evil 4 ndi Resident Evil 5 zonse ndi za 18. Pa foni, zaka zoyenera zimalembedwa pafupi ndi dzina la gemu munthu asanaitsitse.

Vuto ndi lakuti magemu ambiri a m'baraka ndi okopera, opanda chikuto. Pamenepo udindo uli pa mwini baraka. Iye akudziwa gemu iliyonse imene ili m'makina ake. Za 18 zidikire ana atapita kwawo, ndipo mwana wovala yunifolomu nthawi ya maphunziro abwezedwe pakhomo. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Akuluakulu a mabairo ndi makomiti a sukulu angathe kukhala pansi ndi eni mabaraka n'kugwirizana zimenezi popanda kutseka bizinesi ya munthu.

Za kusewera kopyola muyeso, bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linavomereza mu 2019 kuti ndi matenda pamene munthu walephera kudziletsa, waika gemu patsogolo pa zonse, ndipo akupitiriza ngakhale zinthu zikuonongeka, kawirikawiri kwa miyezi 12. Bungwelo linanenanso kuti ogwidwa ndi vutoli ndi ochepa mwa osewera onse. Choncho mwana amene wasewera ola limodzi atatunga madzi ndi kulemba ntchito ya kusukulu sakudwala. Woyenera kumuyang'anitsitsa ndi amene wayamba kujomba, kugona m'kalasi, kapena kusowetsa ndalama ya ndiwo.

Inu makolo a ku Moatize, Kambulatsitsi, Cateme ndi Zóbuè, Loweruka likubwerali musatume mwana wina kukaitana mnzake m'baraka. Pitani nokha, mukhale pabenchi mphindi khumi. Mufunse mwanayo dzina la gemuyo, chimene akufunafuna m'menemo, ndi ndalama imene walipira. Akakufotokozerani bwinobwino, mwina mupeza kuti akudziwa zambiri kuposa mmene munkaganizira. Akachita manyazi kukuonetsani, mwapeza poyambira. M'mera mpoyamba.