Benchi ya mdala wa usipa sitigulitsa

Papita zaka chimwalirireni bambo anga, koma mukafika mu msika wa Limbe n'kutchula mdala wa usipa uja, amayi a tomato amayamba apukuta kaye misozi ndi chitenje.

Mdalayu anayamba geni nthawi ya Kamuzu, akukapikula usipa ndi utaka ku Mangochi pa lole. Kwacha itagwa mu 1994, ambiri anachepetsa milu. Iwo ayi ndithu. Ankati kasitomala ukamubera lero, mawa akudutsa ngati sakukudziwa.

Mu 2006, boma litachotsa mavenda m'misewu, anyamata ambiri anasowa poyala katundu. Bambo anagawa benchi yawo pakati n'kupatsa mnyamata wina wa kaunjika, osamulipiritsa olo tambala. Mnzawo akasowa ya chiphaso, ankamulipirira kuti asapite kwa akatapila.

Maliro atatha tinapeza kabuku ka ngongole m'thumba la jekete yawo. Maina ambirimbiri, koma a amayi amasiye onse anali atawakhwatcha kale ndi bolopeni. Ife ana tinangoti kukamwa yasa!

Mwezi wathawu wina wabwera ndi ndalama zooneka, akufuna malowo. Kunyumba fizi ikuvuta, osanama. Koma mnyamata wa kaunjika uja, amene pano ndi bambo wa ana atatu, akadayalabe theka lake. Tikagulitsa, apita kuti?

Mayi atiuza kuti tibweze ndalamazo. Mawa m'mamawa ndikukayala usipa pomwepo.