Kuweta masalamanda: kachiweto kofuna madzi ozizira ndi udindo waukulu

JOHANNESBURG — Anthu ena mumzinda uno amaweta masalamanda m'mabokosi agalasi odzaza madzi. Nyamazi zimafanana ndi buluzi, koma ndi zapachibale ndi achule, ndipo kum'mwera kwa chipululu cha Sahara sizipezeka mwachilengedwe.

Mtundu wotchuka kwambiri ndi axolotl, wochokera m'ngalande za Xochimilco ku Mexico. Ukaduka mwendo umameranso wina, ndipo umatha kukhala ndi moyo zaka zoposa 10. Ngakhale kuti oweta amauswetsa mosavuta, kwawo watsala pang'ono kutheratu.

Chovuta chachikulu ndi kutentha. Axolotl imafuna madzi a madigiri 16 mpaka 18, pomwe nyengo yotentha ku Johannesburg madzi a m'nyumba amaposa pamenepo. Madzi apampopi nawo ayenera kuchotsedwa kolorini, chifukwa khungu la nyamayi ndi lofewa.

Palinso nkhawa ya matenda. Mu 2013 asayansi anazindikira nkhungu yotchedwa Bsal imene inapulula masalamanda ku Netherlands, ndipo akukhulupirira kuti inachokera ku Asia kudzera m'malonda a ziweto. Mu 2016 dziko la United States linaletsa kulowetsa mitundu 201 ya masalamanda.

Ku South Africa, lamulo la 2004 loteteza zachilengedwe limayang'anira zamoyo zochokera kunja. Choncho wofuna kugula afunse kaye za chilolezo, ndipo akatopa nayo asaitaye m'damu kapena mumtsinje, kuopa kuika achule a kuno pachiswe.