Phunziro 18: Gitala ndi Maikolofoni Zikamaluma

Tikakolola ndi kugulitsa mbewu, timachita chisangalalo. Timaitana anyamata a bandi kuti adzaimbe pa bwalo la kopaletivi. Nthawi zina woimba akagunditsa mlomo pa maikolofoni amadzidzimuka, nati, "Iii, yandiluma!" Anthu amaseka, nyimbo n'kupitirira. Anzathu, apa palibe choseketsa. Kulumako ndi chizindikiro chakuti magetsi asochera.

Magetsi athu kuno ku Tete amachokera ku damu la Cahora Bassa, pa mtsinje wa Zambezi pafupi ndi Songo. Damuli linatha kumangidwa mu 1974. Akafika m'nyumba zathu amakhala 220 volts. Mphamvu imeneyi imapha. Magetsi ochepa kwambiri, osakwana ndi oyatsira babu limodzi la 60 watts, akhoza kuimitsa mtima wa munthu wamkulu.

Tikasenda chingwe chabwino cha magetsi timapeza mawaya atatu. Wabulawuni amabweretsa magetsi. Wabuluu amawabweza. Wachitatu ndi wobiriwira wosakaniza ndi chikasu. Amisiri athu amamutcha "terra", ndiye kuti nthaka. Iyeyu ali ngati ngalande imene timakumba m'mphepete mwa dimba. Masiku ambiri ngalandeyo imakhala youma, ndipo wosadziwa amati ilibe ntchito. Koma tsiku la mvula yamphamvu ndiyo imapulumutsa mbewu. Waya wachitatu amachoka pa chitsulo cha makina n'kukathera pa ndodo ya mkuwa yokhomedwa pansi. Waya wina akasupuka mkati mwa ampulifaya n'kukhudza chitsulo chake, magetsi amathamangira m'nthaka, fyuzi imapsa, zonse n'kuzima. Ngalandeyi ikasowa, magetsiwo amangodikira pa chitsulopo kufikira munthu atagwira.

Nanga n'chifukwa ninji oimba ndiwo amalumidwa kawirikawiri? Nsambo za gitala n'zachitsulo, ndipo n'zolumikizidwa ku chitsulo cha ampulifaya. Maikolofoni nayo imapita ku makina ena. Woimba wagwira nsambo ndi dzanja, mlomo uli pa maikolofoni. Ngati makina amodzi ali ndi vuto, thupi lake limasanduka mlatho, ndipo magetsi amadutsa pachifuwa. Izi si nthano. Mu 1972, ku Swansea m'dziko la Wales, Leslie Harvey wa bandi ya Stone the Crows anafa anthu akuona, atagwira maikolofoni yopanda waya wa nthaka. Anali ndi zaka 27.

Kuno kwathu vuto lalikulu lili pa mapulagi. Tete ali pa mphambano. Zida zina zimalowa kuchokera ku Malawi kudzera pa Zóbuè, ndipo pulagi yake ili ndi mano atatu amakona. Za ku South Africa zili ndi mano atatu obulungira. Koma masoketi ambiri m'nyumba zathu ali ndi mabowo awiri. Ndiye anthu amatani? Amathyola dzino lachitatu, kapena amadula pulagi n'kulowetsa mawaya osenda, n'kutsekera ndi machesi. Ena amadula dala waya wa nthaka poti sipika ikulira "huuu". Phokosolo limathadi, koma agula nyimbo yomveka bwino ndi moyo wa woimba. Dzino limenelo tisalithyole. Mmisiri aike pulagi ndi soketi zogwirizana, ndipo zida zonse za bandi zitenge magetsi pa malo amodzi.

Kutentha kwathunso kumaonjeza ngozi. Mu Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40. Khungu louma limatchinga magetsi pang'ono, koma la thukuta limawalowetsa msanga. Woimba asaime pa simenti kapena pa dothi lonyowa wopanda nsapato. Nthaka ikauma gwa, ndodo ya mkuwa ija sigwira bwino ntchito. Choncho ikhomedwe mozama, pafupifupi mamita 2, pamalo posunga chinyezi, ndipo mmisiri aiyeze ndi makina ake. Kumudzi kumene timaimbira jenereta, nayonso aione mmisiri. N'chimodzimodzi pampu ya kudimba ndi chigayo.

Pa ndalama za kopaletivi tipatulepo zogulira swichi imene m'masitolo amati "disjuntor diferencial", ya 30 mA. Imazimitsa yokha magetsi akangoyamba kudutsa m'thupi la munthu. Ili ndi kabatani koyesera. Tikadine phwando lisanayambe. Ikapanda kuzimitsa, yafa.

Mnzathu akagwidwa ndi magetsi, dzanja lake limafumbata ndipo sangathe kutaya. Tisamugwire ndi manja, tingagwidwe tonse awiri. Tizimitse pa swichi yaikulu, kapena tizule pulagi. Zikakanika, tiime pouma, timukankhe ndi mpini wa khasu wouma. Ngati sakupuma, mmodzi asindikize pakati pa chifuwa chake mwamphamvu ndi mofulumira, wina athamangire galimoto. Ngakhale adzuke n'kunena kuti ali bwino, timutengere ku chipatala tsiku lomwelo, chifukwa mtima ukhoza kusokonezeka pambuyo pake.