Zamalonda Kapena Zachuma: Mwana Aphunzire Ziti?

Mwana akakhoza bwino mayeso a Fomu 4, makolo a ku Nambuma, ku Mponela ndi ku Mpherere amatifunsa kuti: "Kodi asankhe maphunziro a zamalonda kapena a zachuma?" Funso ili nlolemera ndithu, pakuti ndalama za zaka 4 za sukuluyo zichokera m'mabelo a fodya ndi m'matumba a soya ndi mtedza, ndipo pena ng'ombe ituluka m'khola.

Tiyambe tasiyanitsa ziwirizi. Wa zamalonda aphunzira kuyendetsa nyumba imodzi ya malonda: kulemba zolowa ndi zotuluka, kuwerengera phindu ndi msonkho, ndi kuyang'anira antchito. Wa zachuma apenya dziko lonse, nafunsa chimene chikweza mitengo. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100. Wa zachuma ndiye angafotokoze chifukwa chake feteleza, wogulidwa kunja ndi madola, anakwera mtengo. Wa zamalonda ndiye angauze mwini sitolo wa pa Madisi mtengo woti agulitsire thumba kuti mpamba wake usathe.

Zamalonda aphunzitsa ku MUBAS ku Blantyre, imene kale inali Polytechnic. Zachuma ku University of Malawi ku Zomba. Ku Catholic University ku Nguludi, yotsegulidwa mu 2006, ziliko zonse ziwiri, ndipo ku Bunda azilumikiza ndi ulimi.

Tsono ife titi: zachuma zifuna mwana wamphamvu pa masamu, ndipo malo ake antchito, monga ku Reserve Bank ndi ku Unduna wa Zachuma, ngochepa, kawirikawiri afuna digiri yachiwiri. Zamalonda zili ndi makomo ambiri, pakuti banki, chipatala, sukulu ndi kopaletivu ya alimi zonse zisowa wosunga mabuku a ndalama. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Banja limene lili ndi ana ena odikira fizi lichita bwino kuganizira njira imeneyi. Koma lidziwe kuti otenga digiri yotere achuluka, choncho mwana aonjezerepo mayeso a ukauntanti a ICAM.

Komatu mwana amene masamu samvuta, ndipo mtima wake uli pa kufunsa za umphawi wa dziko lino, musamtsekereze. Pitani kwa mphunzitsi wake wa masamu, muone malikisi ake, mumve ndi mawu a mwanayo, musanagulitse ng'ombe.