Kuyeza Malo a Kafupa ka Pabondo pa Chithunzi cha X-ray

Kafupa ka kutsogolo kwa bondo, komwe madokotala amati patella, kamatsetsereka m'kangalande ka fupa la ntchafu munthu akamapinda mwendo. Kakakhala pamwamba kwambiri, kamachedwa kulowa m'kangalandeko ndipo sikachedwa kuguluka. Vutoli limatchedwa patella alta. Kakatsika kwambiri amati patella baja, ndipo bondo limatha kulimba ndi kupweteka. Maso okha sakwanira kusiyanitsa izi, n'chifukwa chake timayeza.

Njira yodziwika kwambiri ndi ya Insall-Salvati, yomwe John Insall ndi Eduardo Salvati a ku New York adafalitsa mu 1971. Bondo limajambulidwa cham'mbali litapindidwa madigiri pafupifupi 30. Woyeza amatenga utali wa mtsempha wochokera kunsi kwa kafupako kukafika pa kachotupa ka fupa la msongolo, n'kuugawa ndi utali wa kafupa komweko. Yankho likagwa pakati pa 0.8 ndi 1.2, zili bwino. Mwachitsanzo, mtsempha wa mamilimita 55 ndi kafupa ka mamilimita 42 zimapereka 1.3, kutanthauza kuti kakwera. Ubwino wogawa ndi wakuti ngakhale makina akulitse chithunzi, yankho silisintha.

Koma njirayi ili ndi zofooka zake. Malo amene mtsempha umagwira fupa la msongolo saoneka bwino nthawi zonse, makamaka mwa amene adadwalapo Osgood-Schlatter ali achinyamata. Kafupa ka anthu ena kali ndi nsonga yaitali kunsi, zomwe zimatsitsa nambala n'kubisa vuto. Mwa ana, mbali ina ya kafupako imakhala isanakhwime, choncho siioneka pa X-ray. Chinanso, dokotala akasuntha kachotupa kaja pa opaleshoni kuti atsitse kafupa, nambala siisintha kwenikweni, pakuti mtsempha ndi womwe uja.

Apa m'pamene njira ya Caton-Deschamps, ya ku Lyon m'dziko la France mu 1982, imapambana. Iyo imangoyang'ana mbali ya kafupa yomwe imakhudzana ndi fupa la ntchafu, ndi mtunda wochokera kunsi kwa mbaliyo kukafika pa ngodya yakutsogolo ya pamwamba pa fupa la msongolo. Malire ake ndi 0.6 mpaka 1.2, ngakhale ena amafikitsa pa 1.3. Palinso ya Blackburne-Peel ya mu 1977.

Bondo limodzi likhoza kupezeka labwino pa njira ina, lokwera pa inzake. M'kuona kwanga, lipoti longoti "1.25" osatchula njira silithandiza aliyense, ndipo ofufuza sangaliyerekeze ndi zotsatira za anzawo.

Kuno ku Malawi MRI imapezeka m'zipatala zochepa, choncho chithunzi cham'mbalichi chili ndi ntchito yaikulu. Munthu akagwa n'kulephera kuwongola mwendo, kafupa kokwera kamasonyeza kuti mwina mtsempha wakunsi waduka, ndipo ameneyo amafunika opaleshoni msanga. Pokayikitsa, ndi bwino kujambulanso bondo linalo, litapindidwa mofanana, n'kuyerekeza ziwirizo.