ZA TIMIKATE TA NKHUYU TA KU FRANCE

Mwezi uno tifuna kukuuzani za chakudya china cha anthu a kumwera kwa dziko la France. Iwo achitcha tartelette, ndiko kunena kamkate kakang'ono koumbidwa ngati kambale. Ndipo m'kati mwache aikamo zinthu zitatu: nkhuyu zakupsa, mtedza wa m'mitengo, ndi tchizi wa mawanga obiriwira. Wina pakumva adzati, Kodi chotsekemera ndi chamchere zikhala bwanji m'mbale imodzi? Ndipo tikamuuza kuti mawangawo ndi nkhungu, kapena adzaika kalata ino pansi. Koma tayambani mwamva, pakuti m'nkhaniyi muli nzeru ya muyeso, mulinso chenjezo limene likhudza nkhokwe zathu zomwe.

Za nkhuyu ndi mtedza

Mkuyu tonse tiudziwa, mtengo wa mthunzi wa pabwalo ndi wa m'mbali mwa mitsinje. Mkuyu wa maiko ozungulira nyanja ya Mediterranean ndi mbale wache, koma uli wamfupi, masamba ache ali ogawikana ngati zala za dzanja, ndipo zipatso zache ziri zofewa, zofiira m'kati, ndi zotsekemera ngati uchi. Makolo athu anati, chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Ndipo anapenya bwino, pakuti maluwa a mkuyu sakhala kunja ai, ali m'kati mwa chipatso chomwe, ndipo kachirombo kakang'ono ka mtundu wa mavu kalowamo pa kabowo kukaikira mazira, nikabwera ndi ufa wa maluwa umene ubereketsa mbeu. Koma mikuyu yambiri imene alima ku France ikhwimitsa zipatso popanda kachiromboka.

Nkhuyu zomveka koposa m'dzikomo ndi za ku Solliès, pafupi ndi mzinda wa Toulon. Khungu lache liri lakuda, ndipo azithyola ndi manja kuyambira mwezi wa August kufikira November. Nkhuyu ikathyoledwa yaiwisi sidzapsanso bwino, ndipo yakupsa sikhala masiku ambiri. Chifukwa chache timikate timeneti ndi chakudya cha nyengo yache, monga kwathu kuno mango ndi masuku.

Mtedza umene aikamo suchokera m'nthaka monga wathu. Ubala pa mitengo ikuluikulu, makamaka m'chigwa cha mtsinje wa Isère pafupi ndi Grenoble, ndipo eni ache autcha noix. Chikamba chache chiri cholimba, ndi njere yache ya makwinya ngati bongo, ya mafuta, yowawirira pang'ono. Boma la France linateteza dzina la mtedza wa ku Grenoble m'chaka cha 1938, kuti wina asagulitse mtedza wa kwina ndi dzina limenelo.

Za tchizi wa m'mapanga

Tsono tifike pa chinthu chodabwitsa. Tchizi ndiwo mkaka wogwirana, woukhetsa madzi, wothira mchere ndi kuusunga kufikira utakhwima. Wa mawanga obiriwira alipo wa mitundu ingapo: Gorgonzola wa ku Italy ndi Stilton wa ku England apangidwa ndi mkaka wa ng'ombe, koma wa ku Roquefort, mudzi waung'ono wa m'dera la Aveyron, apangidwa ndi mkaka wa nkhosa wosaphitsa.

Mudziwo uli patsinde pa phiri lotchedwa Combalou. Kalekale mbali ya phirilo inagumuka, nisiya mapanga ndi ming'alu imene mphepo yozizira ndi yachinyezi ipitamo chaka chonse. M'mapangamo mukhala nkhungu ya mtundu umodzi, imene anzeru aitcha Penicillium roqueforti. Anthu akale anali kuika mikate m'mapangamo kufikira itachita nkhungu, naiumitsa, naipera, nathira ufawo m'mkaka wogwirana. Lero nkhunguyo aifesa m'nyumba zaukhondo, koma ntchito yache njomweyo. Tchizi akaumbidwa, amboola ndi singano zazitali kuti mpweya ulowe, pakuti nkhungu simera popanda mpweya. Ndipo imera motsata tinjira timeneto, nisanduka mawanga aja. Tchiziyo sagulitsidwa asanathe miyezi itatu. M'chaka cha 1411 mfumu Charles VI inapatsa anthu a mudziwo ufulu wakuti iwo okha ndiwo akhwimitse tchizi ameneyu, ndipo m'chaka cha 1925 lamulo la dziko linateteza dzina lache, woyamba mwa tchizi yense wa ku France. Mbale wina wa nkhungu yomweyi ndiye amene Alexander Fleming anampeza m'chaka cha 1928, ndipo mwa iye munachokera mankhwala a penisilini.

Kapangidwe kache

Pa timikate tisanu ndi kamodzi, tengani ufa wa tirigu magalamu 200, batala wozizira magalamu 100, ndi kamchere kotapa ndi zala. Fikisani batala m'ufamo ndi nsonga za zala kufikira zitaoneka ngati mchenga. Thirani madzi ozizira masupuni atatu, nimuumbe mpira. Musakande monga mukandira buledi ai, pakuti ufa wokandidwa kwambiri uuma gwa m'uvuni. Vundikirani mpirawo pamalo pozizira theka la ora. Pambuyo pache muuphwatalitse ndi botolo, nimuyale m'timbale tachitsulo.

Apa ndipo ambiri alakwa. Nkhuyu iri ndi madzi ambiri, ndipo mukaiika pa ufa wauwisi, pansi pache padzatsala phala. Chifukwa chache yambani mwaotcha timbale ta ufato topanda kanthu. Boolani pansi ndi foloko, yalani kapepala, nimudzaze nyemba zouma kuti ufa usatukuke. Otchani mphindi khumi m'uvuni wotentha madigiri 190, chotsani nyembazo, nimubwezeremo mphindi zisanu.

Tsono nyenyani tchizi magalamu 100, nimugawe m'timbale tonse tisanu ndi kamodzi. Dulani nkhuyu iri yonse panai, nimuike pamwamba, chofiira chitapenya kumwamba, kuti madzi ache aphwe ndi moto. Wazani mtedza wosweka dzanja limodzi, dontheletsani uchi pang'ono, nimuotche mphindi khumi ndi zisanu, kufikira m'mbali mutafiira ndi tchizi atasungunuka. Adya tikali tofunda.

Taonani kuchepa kwa tchiziyo. Mchere wache uli waukali, ndi fungo lache lamphamvu. Mukachulukitsa, nkhuyu sidzamvekanso, ndipo mwataya ndalama zambiri, pakuti mtengo wache suli wochepa. Mukachulukitsa uchi, mwapanga switi ya ana. Koma pamene chiri chonse chiri pa muyeso wache, kutsekemera kwa nkhuyu kuziziritsa ukali wa mchere, mchere udzutsa kukoma kwa nkhuyu, ndipo mtedza upatsa mano chakutafuna pakati pa zofewazo. Amai amene adziwa kuthira chidulo m'therere adziwa kale nzeru imeneyi.

Chenjezo

Iwo akukhala m'mizinda yaikulu, kumene tchizi wotere ndi nkhuyu zouma zipezeka m'masitolo, akhoza kuyesa. Nkhuyu zouma muzibviike m'madzi ofunda zisanalowe m'uvuni. Ndipo m'malo mwa noix, mtedza wathu wokazinga ugwira ntchito bwino. Koma pa mtedza pomwepo mverani mau awa.

Wina asati, Ngati Azungu adya nkhungu, nanenso ndidye mtedza wanga wa chuku. Iai! Nkhungu ya ku Roquefort ndi mtundu umodzi wosankhidwa ndi woyang'aniridwa, monga galu wa pakhomo. Chuku cha m'nkhokwe yonyowa ndi fisi. Chuku chimene chigwira mtedza ndi chimanga zosauma bwino chibala poizoni wotchedwa aflatoxin, amene aononga chiwindi, nabweretsa khansa, napinimbiritsa ana. Anamdziwa m'chaka cha 1960, pamene nkhukundembo zokwana 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya cha mtedza wogwidwa ndi chuku. Moto wa pa mafuwa sumupha, ngakhale wa m'uvuni. Chifukwa chache sankhani mtedza njere ndi njere. Wakuda, wofota ndi wowawa muutaye, ndipo musaupatse nkhuku kapena kuusinja kuti ubisike m'nsinjiro. Musanyowetse makoko pofuna kusenda msanga, pakuti chinyezi ndicho chiitana chuku.

Ndiponso mai woyembekezera asadye tchizi wa mkaka wosaphitsa ali wozizira, koma wophikidwa kufikira atatentha ndithu. Ndi khanda losakwana chaka lisalawe uchi.

Kotero, abale, mukadzaona timikate timeneti pa gome la ukwati kapena m'nyumba ya alendo, musaope mawanga obiriwirawo, pakuti anthu a ku Roquefort awasamala zaka mazana ambiri. Koma mukadzaona mawanga pa mtedza wa m'thumba lanu, muope ndithu, nimutaye.