Nyali za Mabuleki Zikasiya Kuyaka: Zomwe Tingachite Tokha

Ambiri mwa ife timayenda pa galimoto mpaka usiku pochokera kumaliro, kumisonkhano kapena kumatchalitchi a kumidzi. Timasamala za mafuta ndi matayala, koma nyali zofiira za kumbuyo timaziiwala chifukwa woyendetsa saziona. Chonsecho nyali zimenezi ndizo zimachenjeza wotitsatira kuti tikuima. Zikafa, lole ya m'mbuyo mwathu imazindikira mochedwa, ndipo ngozi yotere imatenga miyoyo. Apolisi apamsewu nawonso amalipiritsa chindapusa pa vuto limeneli.

Choyamba tidziwe nyali yomwe yafa. Tipotokole kiyi, mnzathu aponde buleki, ife tiime kumbuyo n'kuyang'ana. Tikakhala tokha, tiimike galimoto chakumbuyo pafupi ndi khoma madzulo, tiponde buleki ndi kuona kuwala kofiira pakhomapo.

Ngati yafa mbali imodzi yokha, kawirikawiri lapsa ndi babu. Tizimitse injini, titsegule buti, timasule kachotengera ka babu kuseri kwa nyali. Pa magalimoto ambiri babu limeneli ndi la 12 volts ndipo lili ndi timawaya tiwiri m'kati: ka 5 watts kamayaka usiku, ka 21 watts n'ka buleki. N'chifukwa chake nyali imatha kuyaka usiku koma osawala kwambiri tikaponda buleki. Titenge babu lakalelo popita kusitolo kuti atipatse lofanana nalo. Tisanaike latsopano, tipale dzimbiri lililonse m'kachotengeramo.

Ngati zafa zonse, tione fyuzi. Bokosi lake limakhala pansi pa chiwongolero kapena mu boneti, ndipo pachivundikiro pamalembedwa STOP posonyeza fyuzi ya mabuleki. Kawaya ka m'kati kakaduka, tiikepo ina ya mphamvu yofanana: yofiira ndi ya 10 amps, yabuluu ndi ya 15 amps. Tisayerekeze kulumikiza ndi waya wamba kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu, pakuti zimenezi zimatenthetsa mawaya mpaka galimoto kuyaka moto. Fyuzi yatsopano ikapsanso nthawi yomweyo, ndiye kuti pali waya wosupuka womwe ukukhudza chitsulo.

Fyuzi ikakhala yabwino, tiyang'ane switchi yomwe ili pamwamba pa chopondera buleki. Tione ngati pulagi yake siinasolokeko. Pa galimoto ya otomatiki, switchi imeneyi ikafa giya imathanso kukana kuchoka pa P. Nthawi zina nyali zimayaka osazima ngakhale galimoto itaima. Apa nthawi zambiri kamakhala kataphwanyika ndi kapulasitiki kamene kamakankha switchi, ndipo tikazengereza batire imatha usiku umodzi.

Nyali ikamayaka mozilala, kapena ikamaphethira limodzi ndi indiketa, tikayikire waya wa earth womangidwa kuchitsulo cha galimoto. Timasule bawuti lake, tipale dzimbiri, timangenso zolimba.

Magalimoto ena atsopano ali ndi nyali za LED zomwe zilibe babu losintha, choncho zimafuna kugula nyali yonse. Vuto la mawaya obisika tilisiyirenso makaniko wodziwa zamagetsi. Koma kuyesa nyali kamodzi pa sabata, ndiponso tisananyamuke ulendo wautali, ndi udindo wa aliyense wa ife amene amanyamula anzake.